Katoni, mdima ndi foni: mukatola kadzidzi kapena nkhwazi yovulala

Mbalame yodya nyama ikalola kuti munthu aiyandikire mpaka kuigwira ndi manja, ndiye kuti zinthu zafika poipa. Kabawi, mphamba, nkhwazi ngakhale kadzidzi amabisa ululu mpaka mphamvu zitatheratu, chifukwa kutchire wooneka wofooka sachedwa kudyedwa. Mukaipeza ili chikhalire m'mphepete mwa msewu, phiko limodzi likukwekwereza pansi, maso ake akuthwawo asakunamizeni. Nthawi yoti ipulumuke yatsala yochepa. Chomvetsa chisoni n'chakuti zambiri mwa mbalame zotere zikanapirira bala loyamba lija, koma zimafa ndi chifundo cha amene azitola: kuzithira madzi kukamwa, kuzikakamiza nsima, kuzimanga chingwe kumwendo, kuziika m'khola la waya pabwalo kuti ana a mudzi wonse adzaonerere.

Ntchito ya woitola ndi yochepa. Aigwire osavulala, aiike pamdima, aimbire foni odziwa. Zina zonse ndi za dotolo wa zinyama.

Chida cha mbalamezi ndi mapazi. Anthu amaopa mlomo wokhotawo, pomwe zoboola dzanja ndi zikhadabo, makamaka chakumbuyo chija. Tengani thaulo lalikulu, bulangete kapena jekete yokhuthala. Chitenje ndi chopyapyala, muyambe mwachipinda kawiri kapena katatu. Yandikirani pang'onopang'ono kuchokera kumbuyo, muiphimbe thupi lonse ndi mutu womwe, pakuti ikasiya kuona imadekha. Kenako bwezani mapiko kuthupi momwe imawapindira yokha, dzanja linalo ligwire miyendo yonse iwiri pamwamba pa mapazi, chala chimodzi chili pakati pa miyendoyo. Ikadzigwetsa chagada n'kutukula mapazi, musalimbane nayo. Iponyereni nsalu ina kuti ifumbate, mapazi atanganidwe ndi nsaluyo. Zikhadabo zikakulowani m'dzanja musakoke, mungong'amba mnofu wanu. Mitsempha ya m'miyendo mwake imadzikhoma yokha mwendo ukapindika, choncho mnzanu awongole mwendowo n'kuyamba kuzula chikhadabo chakumbuyo. Balalo mulitsuke ndi sopo ndi madzi ambiri, mukafunsenso za katemera wa kafumbata kuchipatala.

Muimba ndi wosiyana. Mapazi ake ndi ofooka, koma khosi ndi lalitali ndipo mlomo wake umang'amba chikopa cha nyama zikuluzikulu. Pamafunika anthu awiri: wina agwire mutu kumbuyo kwa chigaza, osati pakholingo, winayo akumbatire mapiko. Umasanza ukachita mantha. Usiyeni usanze mutu uli chozolika kuti masanzi asalowe m'mapapo.

Mbalame iliyonse musaifinye pachidali. Imapuma pokweza ndi kutsitsa fupa la pachidalilo, ndiye mukaikulunga mothina imabanika ili m'manja mwanu momwemo.

Malo abwino oiikamo ndi katoni. Ikhale yoti mbalameyo iimirire bwino koma isathe kutambasula mapiko n'kumadzimenyetsa. Boolani timabowo tampweya m'munsi m'mbali mwake musanaikemo mbalame, yalani thaulo kapena malaya akale pansi kuti ipeze popondera, tsekani ndi tepi kapena chingwe. Nkhwazi imalemera makilogalamu 2 mpaka 3 ndi kuposerapo, ndipo ikapezako mphamvu imang'amba katoni imodzi, choncho lowetsani katoni m'katoni inzake. Khola la waya ndiye loipitsitsa. Nthenga zazitali za kumapiko ndi kumchira zimathyokera m'mawayamo, ndipo mbalame yothyoka nthenga singasake ngakhale fupa litapola. Iyenera kudikira kuti nthenga zina zimere, zomwe zimatenga miyezi yambiri. Musayale udzu wouma, madeya kapena mapesi. Mumakhala nkhungu imene ikalowa m'mapapo a mbalame yofooka imayambitsa matenda ovuta kuchiza. Saka ya fetereza nayonso ayi: ulusi wake umakola zikhadabo ndipo mkati mwake mumatentha.

Thupi la mbalame limatentha pafupifupi madigiri 40, ndipo yovulala imazizidwa msanga. M'miyezi ya June ndi July ikani botolo la madzi ofunda lokulunga m'nsalu pangodya imodzi ya katoni, kuti ikamva kutentha ithe kusendera kwina. Mu October vuto ndi dzuwa. Ikayasamula n'kumapuma mwawefuwefu, yatenthedwa, isunthireni pozizira. M'buti ya galimoto yotseka musaiikemo. Katoniyo ikhale kutali ndi agalu, wayilesi, utsi wa mbaula ndi nkhuku zanu, chifukwa chitopa ndi chimfine cha mbalame zimapatsirana mbali zonse ziwiri. Ndipo musamatsegule pafupipafupi kuti muone ngati ikadali moyo. Kwa iyo nkhope ya munthu ndi ya mdani.

Za madzi ndi chakudya ndiye pagona nkhani. Kabowo kopumira ka mbalame kali patsinde pa lilime, poyera penipeni. Madzi othira ndi supuni kapena sirinji amalowa mmenemo n'kupita kumapapo. Madotolo amapereka madzi ofunditsa pobaya pansi pa khungu, kapena ndi kapaipi kodutsa kabowoko mpaka m'chithokomiro. Muyeso wake ndi mamililita pafupifupi 50 patsiku pa kilogalamu iliyonse ya thupi, kuonjezapo obwezera amene anatayika, omwe amawagawa pa masiku awiri kapena atatu. Chakudya chimabwera pambuyo. Mbalame imene yakhala masiku osadya, yomwe fupa la pachidali latulukira n'kuthwa, ilibe mphamvu zogayira nyama. Mukaikhutitsa, nyamayo imaima m'chithokomiro n'kuyamba kuola, mbalame n'kufa ili yokhuta. Tsiku limodzi osadya silingaiphe. Mkaka, buledi, nsima ndi usipa wouma si chakudya chake. Panado, bufeni ndi makapisozi athu musaipatse, ndipo pabala musapake mafuta, sipiriti kapena jivi.

Phiko lothyoka limaoneka polendewera kusiyana ndi linzake. Musayese kuliwongola kapena kulimangira timitengo. Fupa lalikulu la phiko, loyandikana ndi phewa, ndi la mphako ndipo limalumikizana ndi matumba a mpweya a m'thupi. Likathyoka n'kutulukira kunja, madzi amene mungatsukire balalo angathe kulowera mkati mpaka kopumira. Mafupa a mbalame amagwirana msanga, pa masabata atatu okha amakhala atayamba kulimba. Ubwino wake ndi womwewo, kuipa kwake ndi komweko: mukaisunga pakhomo sabata imodzi kapena awiri kuti muone ngati ichire yokha, fupalo limagwirana mokhota, mfundo n'kuuma, ndipo dotolo sangachitenso kanthu. Fupa lotulukira kunja limauma n'kufa pakangopita masiku ochepa.

Yogundidwa ndi galimoto kapena yolasidwa ndi legeni kumutu imapendeketsa khosi, imazandima, mwina diso limodzi lili ndi magazi. Mdima ndi bata ndiwo mankhwala oyamba, ndipo yotereyi musaifunditse ndi botolo lotentha pafupi ndi mutu. Ena amaiona itadzuka m'mawa mwake n'kuiulutsa. Kumeneko n'kufulumira, chifukwa kawirikawiri diso limaonongeka chakumbuyo, kosaoneka popanda chida choyezera maso, ndipo kabawi wosaona bwino amafa ndi njala patapita masabata angapo.

Yokodwa pa waya waminga, dulani wayayo ndi pulayazi uku ndi uku, muitenge pamodzi ndi kachidutswako. Minga imakulunga khungu lopyapyala la kutsogolo kwa phiko momwe mumadutsa mtsempha wotambasulira, ndipo mukakoka mtsemphawo umaduka. Akadzidzi ndiwo amakodwa kwambiri chifukwa amauluka chapansipansi usiku. Pomanga mpanda, waya wapamwamba akhale wosalala. Kunyanja nkhwazi zimakodwa m'maukonde otayidwa ndi m'zingwe za mbedza. Dulani chingwecho koma musiye kagawo kooneka, ndipo mbedza yomezedwa musaikoke. Yomatidwa ndi ulimbo kapena guluu wa makoswe, donthezani mafuta ophikira pang'onopang'ono pomwe yamatirapo mpaka nthenga zimasuke zokha. Palafini ndi petulo zimawotcha khungu. Mafutawo adzatsukidwa ndi sopo wa mbale ndi madzi ofunda mbalameyo ikapezako mphamvu, osati tsiku lomwelo.

Magetsi amanyenga. Mbalame yogwidwa ndi magetsi imapezeka patsinde pa pholo ikuoneka yabwinobwino, mwina kafungo ka nthenga zopsa ndi kabala kakang'ono paphiko ndi kena kuphazi, polowera ndi potulukira moto. Mnofu wa mkati umakhala utapsa, ndipo pakapita masiku atatu mpaka asanu phiko kapena phazi limazizira, kuda, n'kuuma. Mawaya oopsa kwambiri ndi a magetsi amphamvu a 11 kV ndi 33 kV amene amalowa m'midzi ndi m'matauni, makamaka pa thiransifoma, chifukwa amakhala moyandikana. Nkhwazi kapena muimba wotambasula mapiko mamita awiri amakhudza mawaya awiri nthawi imodzi, kapena waya ndi chitsulo chopingasa, ndipo nthenga zikanyowa ndi mvula ngoziyo imakula. Pholo limene lapha mbalame imodzi lidzaphanso ina, popeza zimakonda kutera pamalo amodzimodzi. Lembani nambala ya pholoyo, jambulani, kauzeni a ESCOM. Kukonza kwake sikovuta: kuveka mawaya olumikizira zophimba za pulasitiki ndi kupachika zizindikiro zooneka pamawaya odutsa madambo. Ku South Africa kampani ya magetsi ya Eskom ndi bungwe loteteza nyama zakutchire la Endangered Wildlife Trust anayamba kuchitira limodzi ntchito imeneyi mu 1996. Pholo musakwere, ngakhale mbalame ikulendewera pamwamba ili moyo.

Poizoni ndiye amapha zambiri nthawi imodzi, ndipo alipo wa mitundu iwiri amene amasokonezedwa. Woyamba ndi wopha msangamsanga, monga tameki ndi carbofuran, mankhwala a kumunda amene anthu amathira m'nyama pofuna kupha agalu, afisi kapena makoswe. Mbalame yodya nyama yotere imagwa pafupi pomwepo. Imafumbata zikhadabo, imatuluka dovu, imanjenjemera, siyimirira, chithokomiro chili chodzaza. Mukaona ntchentche zakufa mbwee pozungulira nyama yakufa, dziwani kuti pali poizoni. Ameneyu amalowa ngakhale pakhungu la munthu, choncho valani magolovesi kapena majumbo awiri m'manja. Thamangitsani mbalame ndi agalu amene sanadye, phimbani nyamayo, jambulani zithunzi, koma musasunthe kanthu mpaka a boma atatenga umboni. Pambuyo pake zonse zimatenthedwa mpaka phulusa. Nyama imeneyo munthu asadye, ngakhale itawambidwa. Mbalame zamoyo ziikidwe pamthunzi mitu ili chozolika pang'ono. Jekeseni wa atropine, makala a kuchipatala ndi madzi zimazidzutsa pa tsiku limodzi kapena awiri ngati thandizo lafika msanga. Mu May 2025 kumalo osungira nyama a Kruger ku South Africa, njovu imodzi yakufa yothiridwa poizoni inapha miimba 123, koma ina 84 inatoledwa yamoyo chifukwa opulumutsa anafika m'maola ochepa. Ku Botswana mu June 2019 kunalibe mwayi wotero, ndipo kunafa miimba 537.

Ziwerengerozi n'zowawa chifukwa muimba umaikira dzira limodzi lokha pachaka, ndipo umayamba kuswa utakwanitsa zaka zisanu kapena kuposerapo. Mu 2015 bungwe la padziko lonse loona za chilengedwe la IUCN linaika mitundu inayi ya miimba ya mu Africa pagulu la zamoyo zotsala pang'ono kutheratu. Ku Liwonde miimba inali itasowa, ndipo inayamba kubwerera bungwe losamalira malo osungira nyama la African Parks litabweretsako akakwiyo mu 2017 ndi mikango mu 2018, chifukwa kunayambanso kupezeka zotsala za nyama. Miimba yomweyo imauluka makilomita mazanamazana kudutsa malire a Mozambique ndi Zambia, ndiye ng'ombe imodzi yothiridwa tameki pofuna kubwezera fisi ingathe kufafaniza zonsezo m'mawa umodzi. Kwa oweta ng'ombe palinso chenjezo lochokera ku India: mankhwala opha ululu a diclofenac, obayidwa ku ng'ombe, anapha miimba yoposa 95 pa 100 iliyonse ya mitundu ina kumeneko mpaka analetsedwa pa ziweto mu 2006. Amaononga impso za muimba umene wadya nyama ya ng'ombeyo. Mankhwala a meloxicam amagwira ntchito yomweyo popanda kupha miimba.

Poizoni wachiwiri ndi wa makoswe wogula m'sitolo, wa timibulu tobiriwira kapena tofiira, monga brodifacoum. Ameneyu amaletsa magazi kuundana. Khoswe safa tsiku lomwelo. Amayenda masiku atatu mpaka asanu ali wofooka, akutuluka poyera, ndipo ndiye woyamba kugwidwa ndi kadzidzi. Poizoniyo amaunjikana m'chiwindi cha kadzidzi kwa miyezi. Tsiku lina mumamupeza pansi wopanda bala, m'kamwa mwayera, kapena kachilonda kakang'ono kakungotuluka magazi osaleka. Mankhwala ake ndi vitamini K1 kwa masabata angapo.

Apa ndi pomwe mlimi amadzipweteka yekha. Kadzidzi wa nkhope yoyera, uja amakhala m'siling'i za masukulu ndi matchalitchi, amadya mbewa kapena makoswe atatu kapena anayi usiku umodzi, ndipo akakhala ndi ana amagwira ochuluka kuposa apo. Amabwera pakhomo chifukwa pali nkhokwe, ndipo pankhokwe pali makoswe. Chikhulupiriro choti akalira padenga kugwa maliro sichingathe ndi nkhani imodzi, koma mwala umene wapha kadzidzi wasiya makoswe oposa chikwi pachaka kuti adye chimanga. Misampha, diwa, malata otchinga pamiyendo ya nkhokwe ndi matumba osalowa mpweya zimateteza chimanga popanda kupha mlonda wake. Ngati poizoni sangapeweke, makoswe akufa atoledwe m'mawa uliwonse n'kukwiriridwa mozama.

Mkonono ndi kufwenthera kumene kumamveka m'siling'i usiku, kumene kwasamutsa anthu ena m'nyumba zawo, ndi ana a kadzidzi akupempha chakudya. Mayi amaikira mazira anayi mpaka asanu ndi awiri motalikirana masiku awiri kapena atatu, amafungatira pafupifupi masiku 30, ndipo anawo amauluka atatha masabata 8. N'chifukwa chake m'chisa chimodzi mumapezeka wamkulu ndi wamng'ono kwambiri, si matenda. Mukatseka bowo ana ali mkati amafera momwemo, fungo n'kukhala lanu. Dikirani auluke, onetsetsani ndi tochi kuti mulibe kanthu, mutseke usiku akuluakulu atatuluka. Pafupi pomwepo pachikani bokosi la matabwa: pansi pake masentimita 40 kwa 50, khomo la masentimita 13 lokhala masentimita 45 kuchokera pansi pa bokosi kuti ana asagwe asanakhwime, pamthunzi, mamita atatu kapena kuposerapo kuchokera pansi, kutali ndi msewu waukulu. Muziliyang'ana, chifukwa kwathu kuno njuchi zimakonda kulanda mabokosi otere.

Mwana wa kadzidzi wopezeka pansi, yambani mwamuzindikira mtundu. Wa nkhope yoyera akagwa, makolo ake samudyetsera pansi, ndiye abwezeredwe m'chisa momwemo madzulo. Wa maso achikasu, wa tinthenga tiwiri pamutu tija ankaopseza nato mbalame zinzake m'nthano kuti ndi nyanga, amachoka yekha m'chisa ali ndi masabata asanu asanadziwe kuuluka, ndipo makolo amamudyetsa ali pansi pomwepo. Ameneyu mungomukweza panthambi kapena pakhoma, mumange agalu. Zoti makolo amakana mwana amene wagwiridwa ndi munthu si zoona. Kulera nokha kumalephereka pazifukwa ziwiri. Nyama ya mnofu wokhawokha ilibe kashiamu wokwanira, mchere wolimbitsa mafupa, ndipo pa masabata ochepa miyendo ya mwanayo imapindika n'kuthyoka yokha. Amafunika mbewa yathunthu, ubweya ndi mafupa omwe. Chachiwiri, woleredwa ndi munthu amakula akudziyesa munthu. Akamasulidwa amatera paphewa la mlendo kupempha chakudya, ndipo mukudziwa chimene chimachitikira kadzidzi wotera pamunthu m'mudzi.

Mphamba ndi akabawi amaphedwa chifukwa cha anapiye, ndipo mkwiyo wa mwini nkhuku ndi womveka. Koma mukapha mmodzi, malo ake amalowa wina. Anapiye amagwidwa kwambiri asanakwane masabata 6 mpaka 8. Nthawi imeneyo akhale m'kakhola ka nsungwi kofolera pamwamba, kosunthika, ndipo pabwalo pakhale zitsamba kapena tizisakasa tothawiramo. Thanki ya madzi yotsegula pamwamba imamiza mbalame zobwera kudzamwa m'chilimwe chifukwa makoma ake ndi oterera. Thabwa kapena nthambi yomangirira m'mphepete, yoyandama mbali inayo, imathetsa vutolo.

Foni ipite kuti? Ku Malawi imbirani ofesi yapafupi ya nthambi ya boma ya Parks and Wildlife, kapena a Lilongwe Wildlife Trust amene amayendetsa malo osamalira nyama zovulala mumzinda wa Lilongwe mogwirizana ndi nthambiyo. Komwe kuli kutali, dotolo wa ziweto wa paboma angathe kupereka madzi ndi atropine akulangizidwa pafoni. Lamulo la nyama zakutchire, lomwe linakhwimitsidwa mu 2017, limaletsa kusunga kapena kugulitsa nyama zotetezedwa popanda chilolezo, choncho kuimba foni msanga kumakutetezani inunso. Wogulitsa mwana wa nkhwazi kapena kadzidzi pamsewu musamugule, ngakhale mwa chifundo. Ndalama yanuyo ndiyo imutume kukakwera mtengo wina.

Kumalo osamalirako amaiyeza kulemera, amaijambula X-ray, amaona maso, ndipo fupa lothyoka pakati amalilumikiza ndi tizitsulo. Si zonse zimabwerera kutchire. Yothyoka pamfundo ya phiko, yopsa phazi ndi magetsi kapena yakhungu siidzasakanso, ndipo nthawi zambiri dotolo amaigoneka ndi jekeseni. Woitola zimamuwawa, koma ndi chisankho cholondola, chifukwa chiwombankhanga chokhala pansi m'khola zaka 20 chimatupa mapazi ndi zilonda zosapola. Zochira zimalowa m'khola lalitali lophunzirira kuuluka mpaka zitatha kukwera m'mwamba osapuma mwawefuwefu, n'kuonetsa kuti zikugwira chakudya zokha. Nthenga zothyoka nthawi zina amazilumikiza ndi za mbalame ina ya mtundu womwewo, polowetsa kamtengo kopyapyala m'mphako ya nthenga ndi guluu.

Pomasula amafuna kudziwa malo enieni amene inatoledwa, chifukwa yaikulu imakhala ndi dera lake, mwinanso mnzake ndi ana akudikira. Kadzidzi amamasulidwa kukamada, zinazo m'mawa kopanda mvula. Mphamba za mlomo wachikasu zimafika kuno cha mu August ndi September n'kubwerera kumpoto cha mu March, ndiye yochira mochedwa imafunika kuganiziridwa nyengo. Choncho musanatumize katoni ija, lembani pamwamba pake tsiku, nthawi, mudzi kapena chizindikiro cha pamsewu, chimene chinali pafupi monga pholo, mpanda kapena nyama yakufa, ndi chilichonse chimene mwaipatsa kale. Ngati ili ndi mphete kumwendo kapena chikwangwani cha nambala paphiko, lembani nambalayo koma musachichotse.